Mayi anathyoka mkono atangoterereka pampopi: kodi tiwapititse ku sikani ya mafupa?

Funso la lero lachokera kwa mayi wina wa ku Chibavi, muno mu Mzuzu. Akuti: "Adokotala, mayi anga ali ndi zaka 68. M'mwezi wa Malichi anaterereka pampopi, n'kutsamira dzanja, mkono n'kuthyoka chakumapeto kuno. Anawaika chikhakha ndipo pano anachotsa. Amene anaona X-ray anangoti mafupa awo akuoneka opyapyala. Mchemwali wanga wa ku Johannesburg akuti mwina ndi osteoporosis, tiwapititse ku sikani yotchedwa DEXA, ndalama atumiza. Mayi akukana, akuti ndi ukalamba chabe. Koma ndaona kuti afupika. Kale tinali ofanana msinkhu, lero ndikuwaposa, ndipo amadandaula msana. Ineyo ndili ndi zaka 43, ndakhala pa jakisoni wa Depo zaka 8 komanso ndimamwa ma ARV. Kodi nanenso ndikapimitse?"

Zikomo Mayi polemba, ndipo pepani ndi ngoziyo. Mtima ukhale m'malo. Zimene mwafotokozazi ndimaziona pafupipafupi, ndipo thandizo lake lilipo, lambiri mwa ilo likupezeka konkuno. Achemwali anuwo aganiza bwino, dzina la matenda alitchula loona. Pamene ndikusiyana nawo pang'ono ndi pa zoti chiyambe n'chiyani. Mkono umene unathyokawo wanena kale zambiri zimene sikaniyo ikanatiuza, ndiye sindikufuna kuti thandizo la mayi liime poyembekezera makina.

Fupa ndi chinthu chamoyo. Anthu amaliona ngati mwala chifukwa amaliona likauma m'mbale, koma m'thupi limagumulidwa ndi kumangidwanso tsiku lililonse. Paubwana ndi paunyamata omanga amachuluka mphamvu kuposa ogumula, mpaka cha m'ma 30 pamene fupa limafika pachimake. Kuchokera pamenepo ogumula amayamba kupambana pang'onopang'ono. Kwa amayi zimafulumira akasiya kusamba, chifukwa mahomoni otchedwa oestrogen, amene ankaletsa kugumulako, amatsika. Mukadula fupa la msana mkati mwake mumaoneka ngati chisa cha njuchi. Mwa munthu wa osteoporosis timabowo timakula, timakoma timapyapyala, tina timaduka. Zili ngati mtanda wa denga wofumbwa: kunja ukuoneka wabwinobwino, koma tsiku lina mwana angokolekapo chikwama, thyo. Ndipo matendawa sagogoda. Sapweteka mpaka fupa litathyoka. Mawondo ophwanya aja amene agogo ambiri amadandaula m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi nthawi zambiri amakhala nyamakazi, nkhani ina.

Mayi anu akamati ndi ukalamba, sakunama. Koma BP nayonso imabwera ndi ukalamba, ndipo palibe amene amati tiisiye chifukwa munthu wakula. Muwauze choncho, mwaulemu.

Kwa ife ogwira ntchito ya mafupa, funso loyamba munthu wamkulu akathyoka ndi lakuti anagwa bwanji. Wogundidwa ndi galimoto kapena wogwa mumtengo wa mango, fupa lililonse likhoza kuthyoka. Koma munthu amene anali chiimire pansi, n'kungoterereka, fupa labwino limayenera kupirira. Likathyoka ndi kugwa kotereku mwa munthu wopitirira zaka 50, makamaka pamkono chakudzanja, paphewa, pamsana kapena m'chiuno, timaganizira kufooka kwa mafupa mpaka titatsimikiza kuti ayi. Ndipo munthu amene wathyoka kamodzi motere, mpata woti athyokenso umakula, makamaka m'zaka ziwiri zoyambirira. Mayi anu ali m'nyengo imeneyi panopa.

Chimene chandigwira kwambiri m'kalata yanu ndi kufupikako. Munthu akamakula amatsika pang'ono, n'zoona. Koma akatsika ndi masentimita 4 kapena kuposa poyerekeza ndi msinkhu wa pautsikana, kapena akayamba kuwerama ngati akufuna kanthu pansi, kawirikawiri timafupa tina ta msana timakhala titaphwanyika n'kukhala pansi. Ambiri sadziwa n'komwe. Amangokumbukira kuti tsiku lina akutula ndowa kapena akupalira anamva msana kubaya, anagona sabata, kenako anadzuka. Yesani izi kunyumba: mayi aime chotsamira khoma, zidendene, matako ndi mapewa zikhudze khoma, ayang'ane kutsogolo. Ngati nkhongo ikukanika kukhudza khoma, kaneneni kwa dokotala.

Ndikuuzeni cholakwa changa. Ndikungoyamba ntchito, kunabwera agogo ena atathyoka mkono mofanana ndi mayi anuwa. Ndinawongola fupa, ndinaika chikhakha chokongola, patapita masabata 6 ndinachotsa, tonse tinasangalala. Sindinafunse za msinkhu, sindinafunse mankhwala amene ankamwa, sindinawauze kanthu za kugwa. Mvula ziwiri zisanathe anabwera atanyamulidwa, fupa la m'chiuno litathyoka atagwa popita kuchimbudzi usiku. Anagona nthawi yaitali atawakoka mwendo, ndipo sanayendenso ngati kale. Pambuyo pake ndi pamene ndinamva kuti kwa zaka zambiri ankamwa prednisolone wa mphumu, wongogula okha. Mkono uja unali kundichenjeza, ine ndinangoona mkono. Kuthyoka m'chiuno kwa munthu wokalamba si nkhani yaing'ono. Kafukufuku wa m'maiko ambiri amasonyeza kuti pafupifupi mmodzi mwa anthu anayi kapena asanu otere amamwalira chaka chisanathe, chifukwa cha chibayo, zilonda zapamsana ndi magazi kuundana pogona nthawi yaitali. Zonse zimene ndikulemba panozi n'zofuna kuti mayi anu asafike pamenepo.

Tsopano za sikaniyo. X-ray wamba amaonetsa bwino fupa lothyoka, koma sadziwa kuyeza kulimba kwake. Kuti fupa lioneke lopyapyala pa X-ray, limakhala litataya kale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo chithunzi chimasinthanso malingana ndi mmene ajambulira. DEXA, ena amalemba DXA, imagwiritsa ntchito kuwala kwa X-ray kwa mphamvu ziwiri zosiyana. Kompyuta imayerekeza mmene kuwala kuwiriko kwadutsira m'thupi, imachotsapo mbali ya mnofu ndi mafuta, n'kutsala ndi kuchuluka kwa mchere wa m'fupa. Amayeza m'chiuno ndi kumunsi kwa msana, nthawi zina pamkono. Munthu amangogona chagada pabedi, atavala zovala zopanda zipi kapena zitsulo, kamkono ka makina n'kumadutsa pamwamba pake. Palibe jakisoni, palibe kulowa m'chimphanga ngati sikani zina, ndipo zimatenga mphindi 10 mpaka 20. Kuwala kwake n'kochepa kwambiri kuposa kwa X-ray ya pachifuwa. Amangopempha kuti musamwe mapiritsi a kashiamu kwa maola 24 musanapite, ndipo mayi woyembekezera sajambulidwa.

Pepala la zotsatira limabwera ndi nambala yotchedwa T-score. Imayerekeza fupa lanu ndi la munthu wachitsikana wathanzi amene mafupa ake ali pachimake. Malire amene timagwiritsa ntchito anaikidwa ndi bungwe la WHO mu 1994. Kuyambira -1 kupita m'mwamba, fupa lili bwino. Pakati pa -1 ndi -2.5, fupa lachepa koma silinafike pa matenda, ndipo amati osteopenia. Pa -2.5 kapena kutsika kuposa apo, ndiye osteoporosis. Samalani ndi kamzere kakutsogoloko, chifukwa -3 ndi woipa kuposa -2. Ndaonapo banja likusangalala kuti nambala yakwera pamene yatsika.

Makinawa ndi abwino, ndipo ndikanakonda akanakhala paliponse. Koma musawaone ngati mlauli. Amayeza kuchuluka kwa fupa, sayeza kalukidwe kake kamkati, komanso sadziwa ngati munthu ali ndi ng'ala, chizungulire kapena bafa loterera. N'chifukwa chake anthu ambiri amene amathyoka mafupa ndi kugwa pang'ono amapezeka kuti nambala yawo ili pa osteopenia chabe. Kwa achikulire palinso chosokoneza china. Nyamakazi ya msana imamera timinga ta fupa m'mbali, makina n'kuwerenga timingato ngati fupa lolimba, nambala ya msana n'kuoneka yabwino pamene si choncho. Kwa mayi amene alima ndi kusenza moyo wawo wonse, izi zimachitika kwambiri, ndiye ine ndimadalira nambala ya m'chiuno. Dziwaninso kuti atsikana amene makina amatiyerekeza nawo anali azungu a ku America. Sizitanthauza kuti nambalayo ndi yabodza, koma iwerengedwe ndi munthu amene wamuona wodwalayo. Pali chida china cha pa intaneti chotchedwa FRAX, chochokera ku yunivesite ya Sheffield ku England, chimene chinatuluka mu 2008. Chimaphatikiza zaka, sikelo, msinkhu, kuthyoka kwa m'mbuyo, fodya, mowa ndi mankhwala n'kupereka mpata wothyoka m'zaka 10 zikubwera, ndipo chimagwira ngakhale popanda DEXA. Dokotala akhoza kuchigwiritsa ntchito ngati poyambira kukambirana.

Mwina mudzakumananso ndi kamakina koika phazi, koyeza chidendene ndi mafunde ngati a sikani ya amayi oyembekezera. Kamathandiza kusankha amene ayenera kuonedwa bwino, koma sikatsimikiza matenda ndipo sikoyenera kutsatira nako mmene mankhwala akugwirira. Ndipo ngati woyezayo ali ndi mabotolo ogulitsa patebulo lomwelo, gwirani chikwama chanu.

Makina a DEXA ndi osowa m'dziko muno, si ofanana ndi X-ray amene mumampeza m'zipatala zikuluzikulu. Ndiye musakweze mayi basi ulendo wautali, msana uli wotero, musanaonane ndi dokotala kuno n'kutsimikiza komwe mukupita. Mmene ndingachitire ine ndi umu. Pitani nawo kwa a mafupa ku Mzuzu Central Hospital kapena chipatala china chimene chili ndi X-ray, mutatenga buku lawo la kuchipatala ndi mankhwala onse amene amamwa, ngakhale ogula pagolosale ndi azitsamba. Munene mawu awa momveka: anathyoka atangoterereka, afupika, ndipo msana umapweteka. Mupemphe X-ray ya msana yojambula chammbali. Ngati isonyeza fupa la msana lophwanyika popanda ngozi yaikulu, kuphatikiza mkono uja, madokotala ambiri amayamba mankhwala osadikira DEXA, chifukwa ngakhale nambala itabwera -2, chisankho sichingasinthe. Ngati msana uli bwino, pamenepo DEXA ili ndi phindu lenileni, popeza ndi imene ingatithandize kusankha pakati pa mankhwala ndi kungosamala. Ndalama ya achemwali idikire yankho limeneli.

Pali chifukwa china chimene ndikukakamirira kuti ayambe aonedwa kuno. Kwathu kuno si fupa la msana lililonse lophwanyika limene lili la osteoporosis. TB ya msana ilipo yambiri, ndipo khansa ina, monga ya m'mafuta a m'mafupa yotchedwa myeloma kapena ya m'mawere imene yafalikira, imaphwanyanso msana. DEXA singasiyanitse zimenezi. Zimafuna kufunsa bwino, kuwagwira, X-ray ndi kuyeza magazi: kuchuluka kwa magazi, impso, kashiamu, shuga, HIV, ndiponso chithokomiro ngati akuonda ndi kugunda mtima. Ngati msana umawawa kwambiri usiku ngakhale atagona, ngati akutentha thupi, kutuluka thukuta usiku kapena kuonda, musadikire. Ngati miyendo yayamba dzanzi kapena kufooka, kapena mkodzo ndi chimbudzi zikutuluka osadziwa kapena zikukanika, pitani tsiku lomwelo. Chimodzimodzi akagwa n'kukanika kuponda, kapena akumva ululu m'mphechepeche, ngakhale akutha kutsimphina. Musawakweze pa njinga ya sakaramento, pezani galimoto agone.

Mankhwala ofala ndi alendronate, piritsi limodzi la 70 mg pa sabata. Amachepetsa liwiro la ogumula aja. Ali ndi mwambo wake, ndipo ambiri amalephera pamwambopo. Amamwa m'mawa asanadye kanthu, ndi kapu yodzaza ya madzi okhaokha, osati tiyi, kenako akhale tsonga kapena aziyenda kwa mphindi 30 asanadye ndi asanagonenso, apo ayi amawotcha kummero. Ine ndimauza agogo kuti asankhe Lamlungu, amwe asanayambe kukonzekera kutchalitchi, sangaiwale. Amene ali ndi vuto lomeza, zilonda zam'mimba zosapola kapena impso zofooka kwambiri, mankhwalawa sawayenera. Palinso a dilipi otchedwa zoledronic acid, kamodzi pachaka, kumene akupezeka. Asanayambe, mano obowoka akonzedwe, ndipo kashiamu ndi vitamini D zikhale zokwanira. Patatha zaka 5 pa mapiritsi dokotala amaonanso ngati apitirize kapena apume. Sikani yobwereza, ngati anachita yoyamba, isafulumire zaka ziwiri zisanakwane, ndipo ndi bwino ikhale pa makina omwewo. Musawagulire mankhwalawa nokha chifukwa mwawerenga pano.

Pa chakudya ndife amwayi kuposa mmene timadziwira. Mayi wa msinkhu wawo amafunika kashiamu wokwana 1,000 mpaka 1,200 mg patsiku. Kapu ya mkaka kapena chambiko imapereka pafupifupi 300. Usipa wa ku Nkhata Bay umene wadzaza mumsika wathu, matemba ndi kapenta, zikadyedwa ndi minga ndi mitu yomwe, ndi nkhokwe ya kashiamu, ndiye amene amadula mitu ya usipa akutaya mankhwala. Mawere, amene kuno ambiri amati lipoko, ali ndi kashiamu wambiri kuposa chimanga kutalitali, phala lake kapena thobwa n'zabwino. Onjezani bonongwe, chisoso, masamba a chammwamba, nyemba, soya ndi mazira. Nsima kapena kondowole yokha ndi ndiwo zongolawa sizimanga fupa, ndipo agogo woonda kwambiri amathyoka msanga. Vitamini D amachokera kudzuwa, koma Mzuzu ndi wa nkhungu ndi majuzi. Agogo amene amakhala m'nyumba atafunda kuyambira kumutu mpaka kuphazi azituluka, aothere dzuwa mikono ndi miyendo ili pamtunda.

Musawalande ntchito zonse powamvera chisoni. Fupa limalimba likamanyamula thupi, ndipo munthu wongokhala pamkeka amafooka miyendo n'kugwa msanga. Aziyenda tsiku lililonse, azidzuka pampando n'kukhalanso kangapo osagwira, azisesa ndi tsache lalitali. Chimene asiye, makamaka ngati msana wapezeka wophwanyika, ndi kusenza ndowa ndi nkhuni pamutu ndiponso kunyamula zolemera atawerama. Kenako yendani pakhomo panu ndi maso a munthu wofuna ngozi. Dothi lathu lofiirali mvula ikagwa limakhala ngati sopo, pampopi pamamera ndere, patapata wakutha alibe mano. Thirani miyala kapena mchenga panjira ya kuchimbudzi, palani ndere, ikani chogwirira kubafa, tochi ikhale pamutu pa bedi ndi kachidebe ka usiku. Maso akapimidwe. Ngati amamva chizungulire podzuka, mankhwala a BP kapena ogonetsa aonedwenso. Kunena zoona, thumba limodzi la simenti lokonzera pampopi paja likhoza kuwateteza kuposa ulendo wa sikani.

Tibwere kwa inu, Mayi. Pa zaka 43, musanasiye kusamba ndipo simunathyokepo fupa ndi kugwa pang'ono, DEXA si yachangu. Ngakhale mutapimitsa, kwa inu sawerenga T-score, amawerenga Z-score, imene imakuyerekezani ndi anzanu a msinkhu umodzi, ndipo nambala yotsika payokha siitchedwa osteoporosis pa msinkhu wanu. Komabe mwafunsa bwino, chifukwa muli ndi zinthu zitatu zoyenera kuziyang'anira. Depo amatsitsa oestrogen ndipo fupa limachepa ndithu, ngakhale lambiri limabwerera munthu akasiya. Nkhawa yanga ndi yakuti mukafika nayo mpaka posiya kusamba, fupa silipeza nthawi yobwerera. Ndiye mukapita kukabayitsa ulendo wotsatira, kambiranani ndi anamwino za njira zina monga lupu kapena ya pamkono, mogwirizana ndi ma ARV amene mukumwa. Musangosiya, mimba pa zaka 43 ili ndi zoopsa zake. Chachiwiri ndi HIV yeniyeniyo pamodzi ndi tenofovir, amene ali m'mapiritsi a 13A amene ambiri akumwa. Amachepetsa fupa pang'ono makamaka m'chaka choyamba ndi chachiwiri, kenako zimakhazikika. Apa ndinene mosapsatira: musadumphe ngakhale tsiku limodzi chifukwa cha zimenezi. Kachilombo kosaletsedwa kamawononga thupi lonse kuposa mankhwala. Ingowauzani a ku kiliniki za mayi anu, aziona impso zanu, ndipo ngati padzafunike kusintha adzasintha iwo. Chachitatu ndi kumtundu, popeza mayi anu athyoka motere.

Nthawi yanu yoganizira DEXA ndi mukadzasiya kusamba, chifukwa amayi amene ali ndi HIV amalangizidwa kupimitsa kuyambira pamenepo osadikira zaka 65 zimene amayi ena amauzidwa. Ingafulumire ngati mutasiya kusamba musanakwane 45, mutathyoka ndi kugwa pang'ono, mutaonda kwambiri, kapena mutamwa prednisolone miyezi itatu kapena kuposa. Mankhwala ena a khunyu monga phenobarbitone amafooketsanso mafupa akamwedwa zaka zambiri. Fodya, kuphatikizapo wa phuno ndi wa pansi pa lilime amene amayi sauwerengera, ndi mowa wa tsiku ndi tsiku, n'zosafunika. Abambo akunyumba asaseke, matendawa amawagwiranso, makamaka akapitirira zaka 70 kapena ngati kachasu ndi mnzawo.

Musanapite kuchipatala, imikani mayi pafelemu la chitseko opanda nsapato, mulembe mzere ndi deti. Inunso muime mulembe wanu. Muzibwereza chaka chilichonse mwezi womwewo. Mzere wa mayi ukatsika ndi masentimita awiri, bwererani nawo kwa dokotala ngakhale asakudandaula kanthu.